Mkamwini Amene Anakana Kubweza Ngolo

A Yelemiya Nkhoma anatisiya mwezi wathawu, ndipo anaikidwa kwawo ku Nambuma. Ndati kwawo chifukwa ndi mmene timanenera, koma aliyense amene anawadziwa akudziwa kuti moyo wawo wonse anaudyera kuno, m'mudzi wathu kuseri kwa Nsaru. Anabwera chikamwini tsitsi lili bii, nakhala mpaka mutu kuchita mbuu. Anakwatira amayi anga aakulu, akulu awo a mayi anga, motero ine ndinkawaitana kuti bambo aakulu. Mudzi womwewu unawathamangitsa ali nkhalamba, dothi la pamanda a akazi awo lisanaume. Nkhani imeneyi kwathu timaikamba monong'ona, ndipo ine kunong'onako kwanditopetsa.

Ntchito yawo inali yokhoma zidebe. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, miyendo atatambasula, chitsulo cha njanji chili pakati, n'kumagogoda malata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankapanga ndowa, mbaula, ndi makheni othirira fodya pa nazale. Tsiku la msika pa Nsaru ankamanga katundu yenseyo panjinga mpaka iwo osaoneka. Unkangoona mulu wa malata ukubwera uku ukulira ngwe ngwe ngwe. Phokoso la hamala linawagonthetsa khutu limodzi, ndiye ankayankhula mokweza osadziwa. Akati akunong'oneze za munthu, munthuyo ankamva ali tsidya lina la bwalo.

Pamalonda anali munthu wovuta. Ndowa yopanda chivundikiro sankagulitsa. Ukati chivundikirocho sukuchifuna, ankakulanda ndowayo m'manja n'kukuuza kuti ukagule kwa ena amene alibe nazo ntchito za ana ako. Ankafunsanso mafunso osawakhudza: mumatunga kuti, kapu yotungira mumaisiya pati, kodi ana amapisamo manja. Amayi ambiri ankachoka pamenepo akung'ung'udza kuti abwera kudzagula ndowa osati kudzaweruzidwa, koma ankabwererabe, poti ndowa ya a Nkhoma sinkadontha.

Chimene anatchuka nacho kwambiri ndi kakheni kawo ka pamaliro. Kwathu, chakudya chikapsa pamaliro, beseni limodzi la madzi limazungulira. Limayambira kwa akuluakulu, n'kupita kwa abambo ena onse, ndipo likamafika kwa ana madziwo amakhala atasintha mtundu. Palibe ankaonapo vuto. Kusamba m'beseni limodzi ndi ulemu, ndi kunena kuti pa zovutazi tonse ndife amodzi. Bambo aakulu ankabwera ndi kakheni kakang'ono ka mlomo wautali kamene anakakhoma okha, kachidutswa ka sopo kali m'thumba la jekete. Beseni likafika pa iwo ankapinda manja n'kulidutsitsa. Kenako ankadzuka n'kumayenda pakati pa anthu, kufunsa amene akufuna kuthiriridwa, ndipo ankayambira kwa ana.

Anthu zinkawapweteka. Kukana beseni kunali ngati kunena kuti anzako ndi auve, kapena choipa kuposa apo, kuti ukuwaganizira zamankhwala. Kuyambanso ndi ana akuluakulu ali pompo unali mwano wosaneneka. Tsiku lina atsibweni athu a Filipo Banda, mlongo wawo wa amayi aakulu komanso mwini mbumba yathu, anawafunsa pamaso pa anthu.

"Kodi alamu, manja athuwa ali ndi chiyani chimene anuwo alibe?"

"Palibe, alamu. Anga ndiye oipitsitsa. N'chifukwa chake sindifuna kuti mwana uyu asambe msuzi wake."

Anthu anaseka, pamaliro pomwepo, ndipo atsibweni sankakonda kusekedwa. Ndikuganiza kuti kusamvana kwawo kunayambira pamenepo, ngakhale kuti awiriwa anapitiriza kubwerekana makasu ndi kuthandizana kumanga zigafa kwa zaka zambiri.

Ndi amayi a kutchalitchi ndiye ankakangana chaka ndi chaka. Nkhani inali ya thobwa. Pa ukwati kapena pa zokolola amayiwa ankaika mgolo pakati pa bwalo, kapu imodzi ikumira ndi kuvuuka m'manja mwa aliyense. Bambo aakulu anawakhomera chotungira cha chogwirira chachitali, nachipereka ngati mphatso pamaso pa abusa. Amayiwo anathokoza ndi nthungululu, ndipo Lamlungu lotsatira chotungiracho chinali kubzalidwamo maluwa kutsogolo kwa guwa. Iwo anachiona, ndipo potuluka ananong'oneza mnzawo kuti maluwawo ndiye sadzatsekula m'mimba. Tchalitchi chonse chinamva.

Amayi aakulu anali osiyana nawo ngati usana ndi usiku. Anali munthu wa anthu, wa chiseko chomveka kumjigo uli kunyumba. Pamaliro ndiwo ankagawa ntchito kwa ophika, ndipo mzimayi akamwalira m'mudzi anali mmodzi wa oitanidwa kukasambitsa thupi. Ntchito imeneyi sapatsa aliyense. Amapatsa munthu wa mtima wolimba ndi wosunga pakamwa. Akamachokera kosambitsako ankapeza amuna awo atawadikirira panjira ndi kakheni ndi sopo, osawalola kukhudza mphika kapena kunyamula mdzukulu.

"Inu a Nkhoma, kodi ine ndinakwatiwa ndi mwamuna kapena ndi chipatala?"

"Tambasulani manja, Nabanda. Kunyozako muzinyoza uku mukusamba."

Ankatambasula akuseka. Anakhala choncho zaka zonse, mmodzi kuthira, mnzake kunyoza, ndipo ine sindinaonepo banja lina lokondana ngati limenelo.

Sanabadwe ndi kakheni m'manja. Mayi anga amati poyamba anali munthu ngati wina aliyense, wokonda bawo ndi thobwa la eni ake. Anasintha m'chaka cha njala ija, pamene anthu ankadya gaga ndi mitsitsi ya nthochi. Uthenga unabwera kuti mlongo wawo wamwalira ku Nambuma atatsekula m'mimba tsiku limodzi lokha. Anapita, ndipo monga mwini mbumba ya kwawoko ndiwo anayendetsa zonse. Maliro anayenda mwa mwambo wake: thupi linasambitsidwa, linagona m'nyumba, amayi omwe anasambitsawo anatuluka n'kukathandiza kuphika kachakudya kochepa kamene kanapezeka, beseni linazungulira. Anthu anali ndi njala, palibe anakankha mbale. Asanamete n'komwe, maliro ena anali atagwa kale m'nyumba zoyandikana, ambiri mwa iwo ana a mlongo wawoyo ndi a mng'ono wake. Bambo aakulu nawonso anadwala, anagona pa msasa wa odwala kolera ali pa diripi, napulumuka. Anabwerera kuno ali munthu wina. Mbumba imene ankayenera kuiyang'anira inali itatha ngati nkhuku za chitopa, ndipo amene anaitanitsa beseni lija anali iwo.

Zimenezi sankazikamba kawirikawiri, koma za matendawo anali ndi maganizo awoawo. Ankati kolera ali ngati kaufiti m'munda wa chimanga: ukhoza kugoneka munda zaka n'kumati watha, koma njere zake zili m'dothi kudikira kuti ubzale. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, mayi wodekha amene ankayendera midzi panjinga, ankawatsutsa. Ankati tizilombo ta kolera timayenda m'mimba mwa anthu, ena a iwo osadwala n'komwe, n'kutuluka ndi chimbudzi, ndipo mvula ikakokololera zonyansazo kuchitsime mudzi wonse umamwa. Wochokera ku tauni, wobwera kumsika, mlendo wa pamaliro, aliyense akhoza kutibweretsa osadziwa. Bambo aakulu ankamvetsera ndi khutu lawo labwino lija n'kuvomera theka. Ankati kaya tili m'dothi kaya m'mimba, chimene chimatitsegulira chitseko ndi kuiwala. Anthu akaika maliro a kolera amakumba zimbudzi, amawiritsa madzi, amamanga mpondagiya wosambira m'manja. Zikadutsa mvula zingapo popanda wodwala, kachigubu ka mpondagiya ana amakatenga kukaseweretsa, chimbudzi chikagwa amati tchire lilipo, ndipo wokumbutsa za sopo amasanduka wamisala wa m'mudzi.

Sindikufuna kuwayeretsa kuposa mmene analili. Kwa nthawi yaitali ankakhulupirira kuti matenanti a pa esiteti ya kumtunda ndiwo amabweretsa matenda onse, ndipo akazi a matenantiwo akabwera kudzatunga ankawathamangitsa pamjigo ndi mawu oipa. Zinatha tsiku limene amayi aakulu anawakumbutsa, anthu akumva, kuti iwonso m'mudzi muno ndi obwera, ndipo kuti munthu ukamuletsa mjigo amakamwa kudambo n'kudzadwalira pafupi nawe. Sanapepese, poti kupepesa sankakudziwa, koma anasiya.

Mjigo umenewo unabwera pambuyo pa chaka cha njala chija, ndipo kwa zaka zambiri kolera tinkangomumvera pa wailesi. Ana anabadwa, nakula, nakwatira, osaonapo munthu wathanzi akuuma tsiku limodzi maso n'kulowa m'kati. Kakheni kanasanduka nthabwala ya pamaliro. Kenako mjigo unawonongeka chakumapeto kwa chilimwe. Komiti inakumana, inakumananso, msonkhano uliwonse kutha ndi kulozana zala. Amayi anabwerera ku zitsime za kudambo zimene agogo awo ankamwa. Paja madzi saiwala khwawa. Mvula ya chaka chimenecho inagwa yosakata, zimbudzi zambiri zinatitimira, ndipo wailesi inkanena za kolera m'tauni tsiku ndi tsiku. Bambo aakulu anasiya hamala. Ankakatenga mankhwala a kolorini kwa mlangizi n'kumayenda nawo khomo ndi khomo, matope mpaka m'mawondo. Ena ankalandira, ena ankati madzi ake amanunkha chipatala.

Matenda sanasamale kuti nyumba iti ndi ya munthu wosamala. Amayi aakulu anapita kukakhuza maliro kumudzi wa tsidya la dambo, anagona konko, anadya ndi kumwa zimene anapatsidwa monga achitira mlendo waulemu. Atabwerako anayamba kutsekula madzi okhaokha, oyera ngati otsukira mpunga, ndi kusanza. Anabisa kaye, akuti asawapatse amuna awo chonena. Pamene mwana wawo Esinati ankazindikira, dzuwa lili pamutu, miyendo inali itayamba kukokana ndipo mawu anali atalowa m'kati.

Zimene zinachitika panjira ya kuchipatala ndinazimva kwa Esinati, amene anali m'ngolo imene inawanyamula. Galimoto sikanafika, msewu unali phala lokhalokha. Atsibweni a Filipo anamanga ng'ombe zawo nayendetsa okha. Kumbuyo bambo aakulu anawapakata akazi awo, akuwamwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono ndi supuni, Esinati atatambasula chitenje kutchinga mvula. Anadutsa minda ya fodya, anawoloka kamtsinje madzi akufika m'mimba mwa ng'ombe. Atakwera chitunda chimene munthu amaonerapo denga la chipatala chapatali, amayi aakulu anasiya kumeza. Bambo aakulu anawaitana, anawagwedeza, anawaitananso. Kenako anawatseka maso n'kuwaphimba nkhope ndi chitenje chija.

Atsibweni anaimitsa ng'ombe. Anapukuta nkhope ndi chipewa, nayamba kukhotetsa ngolo kuti ibwerere. Palibe akanawadzudzula. Munthu akafera panjira umabwerera naye kwawo, akasambitsidwe ndi abale ake, agone m'nyumba mwake, anthu amuone nkhope. Onse atatu ankadziwanso chimene chimachitika ukafika kuchipatala ndi thupi la wofa ndi kolera: sulitenganso m'manja mwako. Azaumoyo amalithira mankhwala, amalikulunga m'pulasitiki, ndipo limapita kumanda osadzera pakhomo.

Bambo aakulu anawagoneka bwino akazi awo, anatsika, nakaima kutsogolo kwa ng'ombe atagwira goli.

"Alamu, chipatala chili uko."

"Chipatala n'cha amoyo. Chokani, ndikatule mlongo wanga kwawo."

"Mukafika nawo, awasambitse ndani?"

"Funso lanji limenelo? Mbumba ilipo."

"Awasambitsa Esinati uyu ndi mayi ake aang'ono. Akatero alowa kophika, eti? Madzi osambitsirawo atayidwa kuseri, mvula iwatengere kudambo. Ine ndinaziona zimenezi, alamu. Ndinaika anthu mpaka adzukulu kukana kukumba."

"Za kwanu ku Nambuma musatibweretsere kuno. Kodi mkamwini anayamba liti kulamula maliro a kwa Banda? Munabwera ndi kachikwama kokha inu."

"N'zoona. Mukafuna ndibwerera nako. Koma ngolo iyi ikati ibwerere, iyambe yandiponda ine."

Esinati akuti analira kuwapempha bambo ake. "Ababa, tiloleni tikangowasambitsa amayi. Tidzasamba ndi sopo wanu yemweyo, chonde ababa." Iwo sanamuyang'ane. Dzanja lawo silinachoke pagoli. Anaima choncho mvula ikuwamenya, nkhalamba ziwiri, imodzi ili ndi chikwapu m'manja. Pomaliza atsibweni anaponya chikwapucho m'matope, anatsika, nauyamba wapansi kubwerera kumudzi osacheuka. Bambo aakulu anazikoka okha ng'ombezo mpaka kuchipatala.

Maliro a amayi aakulu, munthu amene anasambitsa akazi ambiri ogona kumanda kwathu, anatha nyemba zikanakhala zisanapse. Azaumoyo anabwera nawo mawa lake atavala magolovesi ndi majombo, bokosi litakhomedwa kale. Anatithira mankhwala m'manja ndi kumapazi, anapopera m'nyumba ndi m'ngolo, mphasa imene anagonapo anaitentha. Panalibe kuona nkhope, panalibe moto wa ophika, amayi a kutchalitchi anaimba ataima patali. Mayi anga analira mpaka mawu kutha, osati chifukwa cha imfa yokha ayi, koma kuti mkulu wawo wapita ngati katundu. Ndinali pomwepo, ndipo ndisaname, zinkapweteka kuziona. Bambo aakulu anakhala pansi paokha kumbali kwa anthu. Palibe anapita kukawagwira dzanja.

Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa: abale a mkaziyo amamuuza kuti ndi womasuka. Kwa munthu amene wakalambira pamudzi, waberekapo ana ndi zidzukulu, mawuwo amangokhala a mwambo, ndipo amatsatana ndi ena akuti khalani bambo, muzitilerera anawa, mupita kuti. Atsibweni anaitanitsa mwambowo mwachangu, ndipo mawu achiwiriwo sanawanene. Anangoti ntchito ya a Nkhoma kuno yatha, munda ubwerere kwa eni ake. Akuluakulu anayang'ana pansi. Kenako maso onse anapita kwa Esinati, poti mwana wamkazi akanena kuti bambo anga sachoka, ngakhale mwini mbumba amabwerera m'mbuyo. Esinati anangokhala chete akutola udzu pamphasa. Bala lake linali likadali laliwisi, ndipo ine sindimuweruza.

Bambo aakulu anawomba m'manja mwaulemu, nathokoza chifukwa cha zaka zonse zimene anasungidwa. M'mawa mwake anamanga hamala, lumo lodulira malata ndi chitsulo chawo cha njanji panjinga, naikankha, poti katunduyo anali wolemera kuti apalase.

Ndikanakonda kunena kuti mudzi unaona msanga kuti anachita bwino, koma sizinatero. Kolera anagwirabe nyumba zina, chifukwa zitsime zinali zitaipa kale, ndipo mwana wina wa kumunsi kwa mudzi anamwalira. Odana nawo ankati mwaona, kutichititsa manyazi konse kuja kwapindula chiyani. Tsoka la munthu woletsa ngozi ndi lakuti amene wawapulumutsa sadzidziwa. Esinati sanadwale, mayi anga sanadwale, ana a pabanja pathu sanadwale. Kodi akanadwala ngolo ija ikanabwerera? Palibe angalumbire. Ine ndimakhulupirira kuti akanadwala, ndipo zimandikwiyitsa mpaka lero kuti tinalipira munthuyo ndi msewu.

Ku Nambuma anapeza kuti owadziwa ambiri ali kumanda. Anawasunga mdzukulu wa mlongo wawo uja, mayi wa ana ambiri ndi munda wochepa, amene anawakonzera kanyumba kosungiramo fodya. Ndinapitako kukawaona. Ndinawapeza akukhoma mbaula, ataonda, akuyankhulabe mokweza. Za atsibweni sanafunse. Anafunsa ngati mjigo unakonzedwa, ngati mtengo wawo wa mango ukubereka, kenako, maso ali pamalata, ngati Esinati amawatchulako. Ndinazungulira poyankha, ndipo iwo anamva zimene sindinanene. Ndinawafunsa ngati amanong'oneza bondo.

"Iwe mwana, mayi ako aakulu anasambitsa anthu onse aja, iwo n'kupita osasamba chifukwa cha ine. Ukuganiza kuti ndimagona tulo? Koma ngolo ija itabweranso mawa, ndikaima pomwe paja."

Kumudzi mjigo unakonzedwa maliro aja atangotha, mipondagiya inamera pakhomo lililonse, ndipo monga ankanenera, sizinakhalitse. Dzinja lapitali kolera anamvekanso m'midzi yoyandikana nafe. Esinati, amene anali atalowa ntchito ya mayi ake, anaitanidwa kukasambitsa mnzake wa kuubwana amene anafa atatsekula m'mimba tsiku limodzi. Abale ankafuna zichitike mwakachetechete azaumoyo asanamve. Esinati anafika pakhomo, anaona madzi ali kale pamoto, ana a malemuyo atakhala pakhonde akumuyang'ana, ndipo anakana kulowa. Anatumiza uthenga kwa mlangizi. Abale aja anamutukwana kuti magazi a mkamwini uja ndi oipa. Sabata yomweyo Esinati anakwera kabaza kupita ku Nambuma.

Zimene anakambirana ndi bambo ake sanandiuze. Kuyambira pamenepo ankapitako pafupipafupi, ndipo anayamba kuwagwadira atsibweni kuti nkhalambayo ibwerere m'nyumba yake. Atsibweni ankati tiona tikakolola. Atakolola anati tiona tikagulitsa fodya. Sanali munthu woipa. Anali munthu amene ananena mawu pagulu ndipo sankadziwa powamezera. Ndowa yawo itabooka anakhala nayo yodontha miyezi yambiri, osalola kuti ipite kwa mmisiri wina.

Bambo aakulu sanadikire fodya wa atsibweni. Chifuwa chinawagwira kuzizira kutayamba, ndipo anatsirizika m'kanyumba kaja Esinati ali pambali pawo. Uthenga utafika kuno, atsibweni anachita zinthu mwa chikhalidwe chawo, osafunsa munthu. Analamula adzukulu kuti kukangocha akakumbe manda pambali pa mlongo wawo, anachita hayala galimoto, nauyamba wa ku Nambuma kukatenga thupi la alamu awo. Kumeneko kunali kupepesa kwawo, ndipo ankaganiza kuti aliyense aona choncho. Anaiwala kuti mwambo umafuna uyambe wapempha kwa eni munthu khasu lisanagwe pansi, ndipo mwini munthu tsopano anali mayi uja wa munda wochepa. Mayiyo anawamvetsera mpaka kumaliza, atagwada mwaulemu wonse.

"Pepani bambo. Agogo athu munatibwezera akuyenda ndi miyendo yawo, ife tinawalandira. Lero atagona ndiye mukuwafuna? Akhala konkuno. Nafenso manda tili nawo."

Esinati anayesa kupempha, koma pa maliro a bambo mawu a mwana salemera kuposa a mbumba. Tinawaika konko, atsibweni atakhala kumbuyo kwa anthu ngati mlendo wodutsa. Galimoto inabwerera ndi ife tokha.

Kwathu dzenje linali litakumbidwa kale, ndipo manda okumbidwa sasiyidwa kukamwa, amati amaitana wina. Adzukulu anadula thunthu la nthochi, analitsitsiramo ndi zingwe monga achitira ndi munthu, nakwirira.

Loweruka lapitali linali tsiku lolambula kumanda, ndipo ndinapita nawo. Pambali pa amayi aakulu pali mtumbira watsopano wa dothi lofiira, wautali msinkhu wa munthu wamkulu. Palibe mtanda, palibe nkhata ya maluwa, poti palibe dzina loti n'kulembapo. Olambula ankauzungulira, osadziwa ngati ndi woyenera kuuchitira ulemu. Atsibweni anafika mochedwa akutsimphina ndi ndodo yawo. Anavula chipewa, nakhala pansi pakati pa mitumbira iwiriyo. Anazula udzu pa wa mlongo wawo. Kenako anatembenuka, nayamba kusalaza ndi manja dothi la pa winawo, mmene mulibe munthu.